Mwalowa mu komiti ya sukulu? Pa WhatsApp yambani ndi ndalama

Anzanga amene mwangosankhidwa kumene mu komiti ya sukulu ndipo mukuganiza zotsegula gulu la WhatsApp kapena tsamba la Facebook, tsegulani ndithu. Koma chinthu choyamba kuika pamenepo chikhale ndalama za sukulu. Zithunzi za wapampando akulandira alendo zidikire kaye.

Kuchokera mu 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anadzaza m'makalasi ndipo ntchito yambiri inagwera ife makolo: kuumba njerwa, kututa mchenga, kukumba zimbudzi, kusonkha ya mlonda. Masiku ano sukulu zimalandiranso ndalama yotukulira sukulu yotchedwa SIG (School Improvement Grant) kuchokera ku boma, ndipo imayenera kutsata ndondomeko ya chitukuko imene komiti, a PTA, amayi a Mother Group, aphunzitsi ndi mafumu anagwirizana. Koma kafunseni makolo kuchigayo kuti SIG ya chaka chino inabwera zingati, ambiri akuuzani kuti sakudziwa. Ndipo anthu akapanda kudziwa, mphekesera imayamba yoti ahedi ndi msungichuma adya. Mwina kwina adyadi. Koma kwambiri ndalama inagwira ntchito yake, kungoti palibe anaonetsa makolo. Zotsatira zake, tsiku la chitukuko likafika anthu sabwera, ndipo makalasi amene tinayamba kumanga amaima pawindo mpaka njerwa zitasungunuka ndi mvula.

Apa ndi pamene foni ingatithandize kwambiri. Ndalama ikalowa ku akaunti ya sukulu, mlembi alembe pa gulu kuti yalowa zakuti, tsiku lakuti. Mukagula matumba a simenti, malata kapena choko, msungichuma ajambule lisiti aike pamenepo. Mmisiri akalipidwa, nenani kuti walandira zingati ndipo yatsala zingati. Kholo limene lili ku Johannesburg ndipo limatumiza thandizo lidzaona komwe ndalama yake yapita, ndipo chaka chamawa lidzatumizanso. Musaone ngati mukuwachitira chifundo makolo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo sukulu ya boma ndi ya anthu.

Pali zina zimene sindikufuna kuziona pa magulu amenewa, ndipo ndikupempha ndi mtima wonse. Nkhani ya mwana isafike pa gulu. Mtsikana akatenga pakati, imeneyo ndi ntchito ya amayi a Mother Group ndi ahedi, mwakachetechete, chifukwa ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka. Nanga adzabwerera bwanji dzina lake litazungulira mudzi wonse pa screenshot? Chimodzimodzi mayina a ana amene alephera mayeso a Sitandade 8, kapena amene makolo awo sanasonkhe. Zotsatira za MANEB zikatuluka, nenani kuti analemba angati, akhoza angati, asankhidwa angati kupita ku sekondale. Ndi zokwanira. Chithunzi cha mwana, ngakhale chabwino chotani, pemphani kaye kwa kholo lake. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, komatu ngakhale pakanapanda lamulo, mwanayo ndi wa eni.

Za aphunzitsi nazonso zili ndi njira yake. Ngati mphunzitsi akujomba kapena akubwera ataledzera, pitani kwa ahedi. Zikakanika, kwa a PEA, amene ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu, kenako ku ofesi ya DEM, mkulu wa maphunziro m'boma lanu. Kumutchula dzina pa gulu la makolo sikukonza kanthu, kumangothawitsa aphunzitsi amene tikuwasowa kale kumudzi kuno. Kumbukiraninso kuti pali lamulo la 2016 la milandu ya pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Dziwaninso kuti mukalemba za sukulu, ngakhale pa tsamba lanulanu, anthu amamva kuti yalankhula ndi komiti. Choncho gwirizanani pa msonkhano kuti wolengeza ndani, ndipo alengeze zokhazo zimene zinalembedwa m'buku la mlembi. Ma admin akhale awiri kapena atatu, pakhale mphunzitsi ndi kholo, kuti gulu lisakhale la munthu mmodzi. Aphungu ndi makhansala akathandiza, athokozeni, koma kampeni akapangire kwina.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makolo amene alibe foni ya WhatsApp, kapena ali nayo koma ya bandulo palibe. Nthawi zambiri amenewa ndi amene amasenza madzi ndi mchenga tsiku la chitukuko, ndi amene amaphika phala la ana m'mamawa. Musalole kuti chiganizo chimangidwe pa gulu la anthu ochepa a mafoni n'kungowauza enawo kuti zatha. Chilichonse choikidwa pa gulu chilembedwenso pa pepala n'kumata pakhoma la ofesi ya ahedi, ndipo chiwerengedwe pa msonkhano wa makolo, amfumu alipo. Kwa amene savutika kumva koma kuwerenga, tumizani uthenga wa mawu m'chinenero chathu, wosapitirira mphindi ziwiri kuti usathe bandulo ya munthu.