Ndege zathu ndi za anansi, nkhani ya pa Lizulu

Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Mbali ino ndi Ntcheu, ukangowoloka tala wafika ku Mozambique. Tsiku lina la msika ndinakumana pamenepo ndi amalume anga a ku Ulongwe wa ku Angonia, m'dziko la Mozambique, atabwera ndi matumba a mbatatesi, ndipo ndege itadutsa cha kumwamba anandikodola.

"Mphwanga, inu ndege zanu munapatsa anthu a ku Ethiopia. Ife kampani yathu ya ndege, LAM, ndi yathuyathu."

Mawuwo anandilasa, chifukwa mbali ina ndi oona. Kampani ya Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, otsala 49 ndi a Ethiopian Airlines. Koma tinafika bwanji pamenepa?

Air Malawi, kampani yathu yakale ya ndege, ndi Zambia Airways anali ana a mimba imodzi. Onse anabadwa mu 1964 pansi pa Central African Airways, n'kuyamba kudziimira mu 1967. Onse anafuna kuoneka kutali. Ife mu 1974 tinali ndi ndege ya VC10 yonyamuka pa Chileka mpaka ku London, koma siinathe zaka zambiri. Anzathu a ku Zambia anapitirira pamenepo: DC-10 yawo yotchedwa Nkwazi inkafika ku New York. Ngongole zitakula, Zambia Airways inagwa mu 1994, ndipo dzikolo linakhala zaka 27 lopanda kampani ya boma ya ndege. Air Malawi inapirirako, ikukwawa ndi ngongole zakezo, mpaka inatsekedwa mu 2013. Zambia itafuna kudzukanso mu 2021, inagogoda khomo lomwe lija lomwe ife tinagogoda, ndipo Ethiopian Airlines inatenga magawo 45.

Mozambique inayenda njira yake. LAM inachokera ku DETA, kampani ya ndege ya Apwitikizi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1936, ndipo inatenga dzina latsopanoli mu 1980. Boma lawo silinafune kuitaya, ndipo ndimawamvetsa. Dziko lawo ndi lalitali koopsa. Munthu wa ku Angonia wofuna kukafika ku Maputo pa basi amayenda makilomita opitirira 1,500 kuchokera ku Tete kokha, ndiye ndege ya pa bwalo la Chingozi ku Tete kwa iwo si chinthu chodzionetsera ayi. Ife Lilongwe ndi Blantyre timangodzuka m'mawa, nkhomaliro tikadyera komweko, mabasi ake ndi omwewa amaima pano kugula kabichi ndi tomato. Koma kugwiritsitsa kumeneko kwawadyera zambiri. Kuyambira 2011 mpaka 2017 ndege za ku Mozambique zinali zoletsedwa kulowa m'maiko a European Union, ndipo mu Novembala 2013 ndege ya LAM inagwa ku Namibia, anthu 33 n'kutisiya. Mu 2025 boma linachita kuitana makampani ake ena, monga wa magetsi a Cahora Bassa ndi wa njanji wa CFM, kuti agule masheya n'kuipulumutsa.

Tanzania inangotulutsa ndalama za boma. Pulezidenti Magufuli anayamba kugula ndege zatsopano mu 2016, Boeing 787 n'kufika mu 2018. Thumba lotero ife tilibe.

N'chifukwa chake ndinawauza amalume kuti sindichita manyazi ndi magawo 49 aja. Ng'ombe yogawana ndi mnzako wodziwa kuweta imakama mkaka, pomwe ya wekha yowonda imangodya msipu. Chimene chimandipweteka n'china. LAM, ndi mavuto ake onsewo, imatera ku Tete, Lichinga, Pemba, Nampula ndi Quelimane. Kwathu kuno ulendo wa m'dziko womwe aliyense amaudziwa ndi wa Lilongwe ndi Blantyre basi, chonsecho Karonga nayenso ndi kutali, ndipo wodwala kapena wamalonda wa kumeneko amakhala tsiku lathunthu pa msewu. Pamenepa anzathu atiposa, ndipo ndinavomera pamaso pawo.

Amalume anakhala chete pang'ono akumanga thumba. Kenako anandiuza kuti mwana wawo wamkazi akupita ku Johannesburg mwezi wamawa, ndipo adzadutsira pa chipata cha Dedza kukakwerera pa bwalo la Kamuzu, chifukwa kuchokera ku Ulongwe, Lilongwe ndi pafupi kuposa Tete.

"Udzamuperekeze, mphwanga," anatero. "Njira ya ku Lumbadzi saidziwa."