Guangzhou si Xiaobei yekha

Anzanga a geni opita ku China, ndikufunseni: mwafikako kangati ku Guangzhou, nanga mtsinje wa Pearl munauonapo usiku? Ine ndauona pa ulendo wachinayi uno, ndipo manyazi akundigwira. Maulendo ena onse ndinkangodziwa Xiaobei ndi Sanyuanli, madera a mumzindawu omwe timakapikulako katundu, kuwerenga makatoni, kunenerera mitengo pa kakyuleta, kenako kukadziponya pabedi miyendo itatupa.

Ulendo uno ndinali ndi bambo akunyumba. Tsiku lomwe katundu anapita kwa otumiza, iwo anangoti, "Mayi, lero kakyuleta ikhale m'chikwama." Ndinang'ung'udza pang'ono, paja ife ndalama iliyonse timaiona ngati peyala ya nsapato yomwe ikanagulidwa. Koma ndinawatsatira.

Tinayambira ku Beijing Road, msewu wa oyenda pansi okhaokha. Pakati pake pali magalasi, ndipo ukasuzumira pansi umaona miyala ya misewu yakale, ina ya zaka pafupifupi 1,000, yosanjikizana ngati zigumu. Bambo anaima pamenepo nthawi yaitali, ine maso ali pa madiresi a m'mashopu. Chizolowezi sichitha.

Kumapeto kwa msewuwo kuli doko la Tianzi, pomwe maboti oyendetsa alendo usiku amanyamukira. Titamva mtengo wa tikiti tinayang'anana, n'kusankha kuyenda wapansi m'mbali mwa madzi. Ndipo ndikunenetsa, sitinaluze kanthu. Milatho yonse inali itayaka, mabotiwo akudutsa ngati nyumba zaukwati. Pambuyo pake tinakwera sitima yapansi kupita ku Canton Tower, nsanja ya mamita pafupifupi 600 yomwe inatsegulidwa mu 2010, chaka chomwe mzindawu unachititsa masewera a Asian Games. Ndi yowonda pakati, moti eni ake amaitchula dzina lotanthauza kachiuno kakang'ono. Imasintha mitundu pang'onopang'ono, kufiira, kubiriwira, mpaka khosi kuwawa.

Koma chomwe ndabwera nacho mumtima si nsanjayo. Ndi agogo. Cha m'ma 9 koloko usiku, amayi achikulire gulu lonse anali atandandalika pabwalo, sipika ili pansi, akuvina mofanana ngati anachita kuyeserera chaka chathunthu. Pambali pawo nkhalamba ina inkavina ndi mkazi wake, dzanja limodzi m'chiuno, linalo litanyamula kathumba ka ndiwo zamasamba. Palibe amene ankawaseka. Ana ang'onoang'ono akuthamangitsana pomwepo. Ndinkaganiza kuti kuyenda usiku ndi kwa oledzera ndi achinyamata, koma pano usiku unali wa aliyense, wosalipira ngakhale yuan imodzi.

Bambo anandikoka dzanja kuti nafenso tiyese. Ndinakana, ndikuvomereza. Zaka zonsezi m'banja, kugwirana manja pagulu kumandivutabe. Iwo anavina okha kumbuyo kwa mzere, akuphonya sitepe iliyonse, mayi wina n'kuwakonza phazi ndi chala.

Njala itatipeza tinalowa m'kalesitilanti kodzaza anthu ngati ndi masana. Anatibweretsera tiyi ndi kabeseni. Ine ndinali pafupi kumwa, koma a tebulo loyandikana anatisonyeza kuti tiyi woyambayo ndi wotsukira makapu ndi timitengo todyera, n'kuthira m'kabesenimo. Anationetsanso kuti wina akakuthirira tiyi, umagogoda tebulo ndi zala ziwiri, ndiye zikomo wakeyo. Tinadya phala la mpunga lothira nsomba ndi manudozi okazinga ndi nyama ya ng'ombe. Phala usiku! Bambo anamaliza mbale yawo n'kuyamba kusuzumira yanga.

Ndiye mukamapita ulendo wina, siyani usiku umodzi wopanda katundu, ndipo ngati thumba lilola, tengani anzanu a m'nyumba. Kungoti muziyang'ana nthawi, sitima zapansi siziyenda usiku wonse. Ife tinachita kuthamanga pa masitepe, ine nsapato zili m'manja, bambo akundigogoda paphewa ndi zala ziwiri.