Temwa anamwetsa zigoli zambiri, mphotho inapita ku Zambia

Mu 2024 mtsikana wa ku Malawi ndi wa ku Zambia ankasewera mu ligi imodzi ya mpira wa miyendo ku America. Temwa Chawinga wa Kansas City Current anamwetsa zigoli 20, zomwe panalibe amene anazifikapo m'chaka chimodzi mu ligiyo, ndipo anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse. Barbra Banda wa Orlando Pride anamwetsa 13. Koma chakacho chikupita kumapeto, bungwe la mpira mu Africa la CAF linati katswiri wamkazi wa mu Africa ndi Banda, a BBC nawonso anamusankha kukhala wosewera mpira wamkazi wa chaka. Kuno ku Zomba ambiri anang'ung'udza kuti atibera. Ine ndikuti sanatibere, tinadzimana tokha.

Banda anthu amamuona. Timu yake inatenga chikho chaka chimenecho, chigoli cha mu fayinolo n'chake. Chachikulu, amamuona atavala yunifolomu ya dziko lake pamene kanema wa dziko lonse wayang'ana. Ku Olympics ya ku Tokyo anamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana. Mu 2023 Copper Queens, timu ya amayi ya Zambia, inali ku World Cup, mu 2024 ku Paris, komwe Banda anathiranso zitatu pomwe Australia inawagonjetsa 6-5. Mtolankhani wa ku Lusaka savutika kufuna nkhani: timu ikusewera, iye akulemba, mwana wa ku Chipata akukula akudziwa maina. Racheal Kundananji wa ku Zambia komweko atagulidwa ndi Bay FC ya ku America pa mtengo umene panthawiyo unaposa wa wosewera wamkazi aliyense, anthu a kwawo anali akumudziwa kale.

Ife timayamba kumva dzina azungu akaomba m'manja. Tabitha Chawinga ankasewera DD Sunshine ku Lilongwe asanapite ku Sweden, koma ndi angati anamuonerapo ali konkuno? Tinadzamutcha wathu atakhala womwetsa zigoli zambiri ku Italy ndi Inter Milan, kenako ku France ndi PSG. Nkhani zake zambiri timachita kutola pa Facebook, zolembedwa ndi ena.

Pitani pa vidiyo sho ku Chinamwali kapena ku Matawale Loweruka masana. Pabolodi alemba ndi choko: Arsenal, Chelsea, Man U, nthawi ndi mtengo wolowera. Mwini malo simungamudzudzule, amaonetsa zomwe zili pa dishi. Tsegulani nyuzipepala kumbuyo: Bullets, Wanderers, Silver, mphunzitsi uyu wachotsedwa, uyo wakwiya ndi woimbira. Mpira wa amayi ukapezeka, ndi kankhani ka m'munsi, kachithunzi kosaoneka nkhope.

Chikhalirecho Scorchers, timu yathu ya mpira wa amayi, inakwapula Zambia 2-1 mu fayinolo ya COSAFA mu 2023. Ndiye kuti luso lilipo lofanana. Tinavina sabata imodzi, akuluakulu anajambulitsa ndi chikho, kenako zii.

Pa netibo pokha ndiye tingawauze a ku Zambia kuti khalani pansi tikuphunzitseni. Maina a Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda agogo a ku Jali amawadziwa, ndipo ndi wailesi inawafikitsa kumeneko. Queens, timu yathu ya netibo, inathera pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007, Mwawi n'kusankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya 2015. Apa zikusonyeza kuti Amalawi sadana ndi masewero a amayi. Akawamva pafupipafupi amawakonda. Kungoti ulemu wa pakamwa suguliridwa sopo, ndipo kudandaula kwa atsikanawa pa nkhani ya malipiro tinakumva mpaka kuzolowera.

Ku Mozambique, tsidya la nyanja ya Chilwa apa, nkhani yake ndi ina. Mendulo yawo yokhayo ya golide ku Olympics anabweretsa ndi mayi, Maria Mutola, pa mamita 800 ku Sydney mu 2000. Kumeneko palibe angayerekeze kunena za masewero a dzikolo osamutchula. Ife mendulo ya Olympics sitinaigwirepo, ya mtundu uliwonse.

Mu 2025 Scorchers inadzigulira malo ku mpikisano wa Africa, koyamba m'mbiri yake, itachotsa Angola. Atolankhani athu asadikire mpikisano ngati umenewo kuti atenge kamera. Masewero a atsikana amachitika pa mabwalo a fumbi m'maboma onse, Zomba muno momwemo, ndipo wailesi za m'madera zili pafupi. Akangoyamba kuwerenga zotsatira zake Lamlungu madzulo, n'kutchula amene wamwetsa, tidzayamba kupitako.