Pemphero la ophunzira za mafunde a m'mlengalenga

Tiyeni tipemphere pamodzi, aphunzitsi ndi ophunzira fizikisi kuno ku Lilongwe, ndi aliyense wofuna kugwirizana nafe.

Namalenga, Inu amene munayala thambo, tikuyamikani chifukwa cha tinthu tosaoneka timene tikutigwera ngakhale tsopano lino. Tikatambasula manja kwa Inu, pafupifupi sekondi iliyonse kanthu kamodzi kotchedwa muon kamaboola chikhatho. Kamabadwira pamtunda wa makilomita ngati 15, pomwe cheza chochokera kutali chimagunda mpweya. Moyo wake ndi ma microsecond 2.2 okha (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), ndipo kakanatha katayenda mamita 660 basi. Koma poti kamathamanga kufupi ndi liwiro la kuwala, nthawi yake imachedwa, n'kufika pa malata athu ku Kawale ndi ku Area 25. Ntchito zanu n'zozizwitsa, Ambuye.

Zikomo chifukwa cha Victor Hess, amene mu 1912 anakwera chibaluni kupitirira mamita 5,000 n'kupeza kuti chezachi chimachoka kumwamba, ndi Enrico Fermi amene mu 1949 anayamba kufotokoza komwe chimatenga mphamvu.

Tsegulani nzeru zathu kuti timvetse funde la shock, funde lamphamvu la m'mlengalenga limene limapatsa tinthu ta chezachi mphamvu. Kumeneko plasma, mpweya wa tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndi yopyapyala zedi, tinthu sitigundana ayi. Ndi mphamvu ya maginito imene imatikhotetsa. Pulotoni, kamodzi mwa tinthuti, imawoloka funde, maginito osokonekera n'kuibweza, iwolokenso, ndipo ulendo uliwonse wopita ndi kubwera imawonjezera mphamvu. Funde lamphamvu koma lochedwa poyerekeza ndi kuwala limapanikiza plasma kanayi, ndipo chiwerengero cha tinthu chimatsika ngati E⁻², pomwe E ndi mphamvu ya kanthu. Funde likayandikira liwiro la kuwala, ulendo woyamba umachulukitsa mphamvu ndi Γ² (Γ ndi nambala imene imakula funde likamayandikira liwirolo), maulendo otsatira kawiri kokha, ndipo 2 wa mu E⁻² uja amasanduka pafupifupi 2.2. Apa ndi pomwe ambiri timapunthwa, Atate, pochulukitsa ndi Γ² ulendo uliwonse. Mutiwongole.

Mutithandizenso kuona chifukwa chake nthawi zina kuwonjezera mphamvuku kumakanika. Kuseri kwa funde lotere plasma imathawa pa gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro la kuwala. Maginito akakhala amphamvu ndi olongosoka, mopingasa njira, kanthu kaja kamakokoloka ngati chitsotso pamadzi osefukira a Lingadzi, osabwereranso. Akakhala ofooka, kusakhazikika kwa plasma kotchedwa Weibel kumabala timaginito tosokonekera timene timakabweza. Tikamayang'ana Crab Nebula, chotsala cha nyenyezi imene anthu a ku China anaiona ikuphulika mu 1054, yomwe mtima wake umazungulira ka 30 pa sekondi, mutikumbutse kuti funsoli akatswiri akulimbana nalobe, tisadzitame.

Tikupempherera wophunzira amene wasokoneza mbali yomwe akuyezera, ya kutsogolo kwa funde ndi ya kuseri, masamu onse n'kupotoka. Mumupatse mtima woyambiranso. Tikupempherera amene akuyendetsa masamuwa pa kompyuta usiku wonse, kuti magetsi asazime ntchito ili pakati. Dalitsani ogwira ntchito pa makina a H.E.S.S. oyang'anira cheza cha m'mlengalenga ku Namibia, ndipo pakati pa ana athu a kusekondale mudzutse ena odzakhala nawo kumeneko.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.