Buku la lamya si lokulungira mandasi

Loweruka ndinagula mandasi pamsika ku Ulongwe, kuno ku Angonia m'dziko la Mozambique, mayi wogulitsa n'kundikulungira m'pepala lofiirira ndi ukalamba. Nditatha kudya, maso anagwera pa pepalalo: mayina, manambala, ndi mawu akuti Vila Coutinho. Linali tsamba la buku lakale la manambala a lamya, lija Apwitikizi amati lista telefónica. Ndinabwerera n'kufunsa kuti, "Mayi, bukuli mwalitenga kuti?" Akuti linatuluka m'sutikesi ya malemu apongozi awo, ndipo theka linapita kale ndi mafuta.

Funsani mwana wa sekondale kuti Vila Coutinho ndi kuti, akuyang'anani pakamwa. Chonsecho ndi Ulongwe yemweyu. Ufulu utabwera mu 1975 mayina anasinthidwa: Vila Pery inakhala Chimoio, Vila Cabral inakhala Lichinga, Lourenço Marques inakhala Maputo mu 1976, misewu nayo chimodzimodzi. Ndiye munthu wofufuza pamene panali sitolo yakutiyakuti, kapena mwini chigayo choyamba, ayambira pati? Mapepala a m'nyumba zathu ambiri anapsa kapena kutayika pa nkhondo ija inatha mu 1992, anthu akuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi mtolo umodzi pamutu. Buku lotere silikometsa nkhani, limangoti uje analipo, malo akuti, chaka chakuti. Mukayika awiri a zaka zosiyana pamodzi mumaona amene anafika ndi amene anachoka.

Koma musayembekeze kupezamo agogo anu. Lamya inali ya kuboma, ya kumishoni, ya azungu ndi amwenye a masitolo. Amene ankagwira chibalo pamsewu, amene anapita ku Joni kumigodi, amayi amene ankalima chimanga ndi kachewere, mulibemo. Ena amati n'chifukwa chake mabukuwa ndi achabechabe, ndi a atsamunda. Apo ndiye ndikukana. Tengani tsambalo, mukhale pansi ndi munthu wa zaka 80, muwerenge mokweza dzina limodzi. Mumva, "Aa, ameneyo! Pakhonde la sitolo yake m'pamene ndinaphunzirira utelala." Akuuzani dzina lomunyoza limene anthu anamupatsa, mmene ankaberera pa sikelo, amene ankamuphikira, ndi kumene banja la wophikayo lili lero. Dzina limodzi la mlendo likutulutsirani mayina khumi a anthu athu. Koma agogowo sakhala nafe mpaka kale, ndiye kuwerengako ndi kwa chaka chino.

Ngakhale mabuku a TDM, kampani ya lamya imene inakhazikitsidwa mu 1981, musawaone ngati a dzulodzulo. Mafoni a m'manja atafala manambala analowa m'matumba mwathu, ndipo foni ikagwera m'madzi zonse zapita. Zakale zambiri zimasungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique, koma uko ndi ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera kuno. Ndani wa ku Domwe kapena ku Tsangano angapite uko chifukwa cha dzina limodzi?

Mayi aja ndinawapatsa mulu wa nyuzipepala, iwo n'kundipatsa masamba otsalawo, akundiseka kuti ndapenga. Ndawajambula onse pa foni. Lamulungu ndikupita nawo kwa malume ku Lifidzi, maso awo anafooka koma mutu ukadali bwino.