Ukati uluka, luka!

Ndakwiya ndipo sindibisa. Nkhaniyi yandikhala pakhosi sabata yonse.

Pagulu lathu la zolukaluka tinagwirizana zomulukira mnzathu woyembekezera bulangete la mwana. Tilipo anthu 6. Tinagawana bwinobwino: aliyense aluke tizigamba 5, kalikonse masentimita 15 mbali zonse, kuti tikalumikiza tonse 30 lituluke bulangete la masentimita 75 m'lifupi ndi 90 m'litali. Ulusi tinagulira pamodzi, wa acrylic, chifukwa zamwana zimachapidwa pafupipafupi. Aliyense anatenga mpukutu wake. Panalibe wokakamizidwa. Ndipotu mayi amene ndikuwanenawa ndi amene anayamba kukweza mkono, amvekere, "Ine zisanu n'zochepa, mundipatse zambiri."

Tsiku lolumikiza lakwana, tayala tizigamba patebulo, kuwerenga tapeza 25. Mzere wonse wam'munsi palibe. Kuwafunsa mayi aja, akuti, "Pepani, ndinatanganidwa." Miyezi 4 yathunthu? Kachigamba kamodzi ndi ntchito ya madzulo amodzi basi, uli chikhalire!

Ukavomera kuluka, luka. Ngati sukwanitsa, nena msanga anzako agawane ntchitoyo nthawi idakalipo. Kukana si mlandu ayi. Chimene chikundiwawa ine n'kuvomera ndi pakamwa, manja ali phee, kenako n'kudzawasiya anzako pamoto tsiku lomaliza. Kutanganidwa tonse timatanganidwa. Wina pagulu pathu amaluka ana atagona, maso akuwawa, koma zake anabweretsa zonse, zosita kale.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwana sabwera modzidzimutsa, mimba tinkaiona tonse ikukula mwezi ndi mwezi. Ndiye mwana wabadwa, bulangete likadali tizidutswa m'thumba. Manyazi amene ndinachita popita kukamuona chimanjamanja, Mulungu ndiye akudziwa.

Ndinachita kuluka ndekha tizigamba totsalato, usiku utatu wotsatizana mpaka chala chamkombaphala chinatupa pomwe ulusi umadutsa. Ulusi wawo uja akuti sakuudziwa komwe anauika. Ndinakagula wina wa mtundu womwewo, koma amene amaluka akudziwa kuti ulusi ukanyikidwa mu utoto pa nthawi zosiyana sufanana ndendende. M'nyumba sizioneka, koma mukaliyanika padzuwa mzere wam'munsiwo ndi wotuwirapo kusiyana ndi inzake. Mnzathuyo analilandira ndi misozi yachimwemwe, sanaone kanthu. Ine ndikaliona mtima umandipweteka, chifukwa ntchito ya anthu asanu inaipitsidwa ndi munthu mmodzi amene sanasunge mawu ake.

Ndiye pakhadi lomufunira mafuno abwino, dzina lawo analemba, lalikulu kuposa onse! Pachithunzi chimene tinaika pa WhatsApp ndi iwo agwira ngodya ya bulangete, akumwetulira. Wosaluka ngakhale mzere umodzi asamagwire bulangete pachithunzi, chonde.

Ndipo poti ndayamba kale, inunso amene mumabweretsa tizigamba tili ndi michira ya ulusi lendelende, mukuganiza kuti aisokerera ndani? Tengani singano mubise michirayo nokha musanabwere nato. Mwana wakhanda amakoka chilichonse, ulusi wolendewera ungamukulunge kachala. Ena tinati masentimita 15, mwabweretsa 18, tepi muli nayo m'chikwama momwemo!