Mgolo si sefuliya, abale anga a ku Zomba

Pa maliro ambiri kuno kwathu, kaya ndi ku Chinamwali, ku Sadzi kapena kumudzi ku Jali, mukazungulira kuseri kumene amayi akuphika mupeza mgolo wodula pakati uli pa mafuwa, nyemba zikubwata. Chimenechi chikundidetsa nkhawa kwambiri.

Makolo athu sankaphika chilichonse m'chiwiya chilichonse ayi. Ndiwo zinali ndi mphika wake. Nsima ya anthu ambiri kapena thobwa zinkapsera mu nkhali. Mtsuko unali wa madzi, wa khosi laling'ono kuti asakhavukire munthu pamutu pochokera kudambo, ndipo mpaka lero madzi a mumtsuko amazizira okha chifukwa dongo limachita thukuta, mphepo n'kumaliumitsa. Mbiya inali ya mowa. Mkhate unali wosambira, ndipo panalibe mayi amene akanayerekeza kuphikiramo ndiwo ngakhale alendo atachuluka bwanji. Mphika ukasweka, phale lake linkakazingira chimanga ndi mtedza. Mwana ankakula akudziwa kuti ichi n'cha pamoto, ichi n'cha madzi akumwa, ichi n'cha kubafa, osasakaniza.

Sefuliya sindikudana nayo konse. Nkhali ya dongo ndi yolemera, imasweka mukainyamula panjinga, ndipo singadyetse khamu la pa ukwati. Sefuliya yaikulu ija, yopanda zogwirira, yofunika amayi awiri ndi ziguduli poiphula, ndiyo imakwanitsa mpunga wa ku Domasi pa sadaka kapena pa chinkhoswe. Inapangidwira chakudya.

Koma mgolo uja wa malita 200 sanaupangire kuphika. Yambiri imabwera ndi oyilo, penti, phula kapena mankhwala, ndipo amene akuugula pamsika sadziwa kuti munali chiyani. Timati tauwotcha, taukwecha ndi mchenga, basi wayera. Nanga m'mphepete mwa pansi muja, momwe chitsulo anachipinda, mchenga umafikamo? Migolo ina mkati anaipaka utoto, umene umasupuka ukamva moto. Ina ikakhala miyezi kuseri kwa nkhokwe imachita dzimbiri, ndiye tikathiramo mchere ndi tomato zonsezo zimalowa m'msuzi. Pa maliro aliyense amadya: ana, agogo, amayi oyembekezera, ngakhale odwala amene angodzikoka kudzaperekeza mnzawo.

Amayi athu sindikuwaimba mlandu. Maliro sapangana tsiku. Uthenga ukamveka usiku, m'mawa kusanache iwo ali kale khomo ndi khomo kubwereka ziwiya, ndipo timapoto ta m'nyumba sitingaphikire anthu mazana atatu. Sefuliya yaikulu ndi yodula kwa banja limodzi. Akasowa pogwira amatenga chimene chilipo.

N'chifukwa chake ndikuti katunduyu akhale wa mudzi. Pa ukwati timatha kusonkha ndalama za nsalu ya yunifolomu, bwanji tikulephera kusonkhera masefuliya anayi kapena asanu? Limodzi la nsima, lina la mpunga, ena a ndiwo, pamodzi ndi mithiko yaitali ndi zipande. Magulu a banki mkhonde pogawana kumapeto kwa chaka akhoza kupatula kangachepe. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a ku mzikiti m'madera ena anayamba kale, ndipo kumeneko ofedwa savutikanso ndi za ziwiya. Masefuliyawo azisungidwa kwa amfumu kapena kwa mayi mmodzi wodalirika, pakhale kope lolembamo wobwereka ndi tsiku lobweza, ndipo wa ukwati azilipira pang'ono kuti likabooka tikathe kugula lina. Wa maliro asalipire.

Mgolo ntchito uli nayo: tisungiremo madzi oumbira njerwa kapena othirira dimba. Inu a mafumu ndi a makomiti a maliro a ku Matawale, Chikanda, Songani ndi Thondwe, chonde nkhaniyi muiike pa msonkhano ukubwerawu.